Kukagula Nsalu ku Limbe

Pafupifupi nyumba iliyonse ya kunyanja kuno, kuyambira ku Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Mangochi ndi kwa Makanjira, ili ndi malo amodzi omwe amayi amasungako nsalu zawo. Kwina ndi bokosi lachitsulo lokhala kunsi kwa bedi, kwina ndi sutikesi yakale, kwinanso ndi mtolo chabe womanga ndi chitenje. M'menemo mumakhala zitenje zomwe sizidavalidwepo, mipango ya pa Idi, kanga zomwe m'bale wina adabwera nazo kuchokera ku Tanzania, ndiponso tizidutswa totsala kwa telala. Abambo ambiri sadziwa zomwe zili m'katimo, koma likafika tsiku la chikwati, la kubadwa kwa mwana kapena la maliro, banja lonse limayang'ana ku bokosi lomwelo. Tsono funso lomwe tikufuna tiganizire limodzi m'kope lino ndi ili: kodi nsalu zimenezi timazigula motani, ndipo zikalowa m'bokosi zimatulukamo liti?

Funsoli tidapita nalo ku Limbe m'mwezi wa Epulo. Pa madrasa pathu, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, pali kagulu ka amayi komwe kamakumana pakhonde kawiri pa sabata ana akaweruka, ndipo ntchito yawo ndi kusoka zofunda za zigamba. Chofunda chotere chimakhala ndi magawo atatu. Pamwamba pamakhala tizidutswa ta mitundumitundu tolumikiza bwino, pakati pamalowa bulangeti lakale kapena zitenje zotha, ndipo pansi pamakhala nsalu yathunthu. Zonsezi amazisokera pamodzi ndi mizere ya ulusi kuti zisamasiyane pochapa. Chaka chino amayiwa adalonjeza zofunda 12 za ana amasiye ndi nkhalamba za m'mudzi mwathu, zoti zikhale zitatha mphepo ya mwera isanalimbe mu Juni. Ndalama zake zidachokera m'manja ambiri: wina adagulitsa usipa, wina mpunga, wina zitumbuwa. Ndalama yotere siyiseweretsedwa. Tidanyamuka anthu 7, amayi asanu ndi ife aphunzitsi awiri, ndipo ntchito yathu aphunzitsife inali yogwira kope ndi pensulo.

Njira ya nsalu, kale ndi lero

Tidanyamuka titangoswali Subuhi, kunja kudakali mbuu. Tidawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, womwe udatsegulidwa mu 2002, ndi kukwera minibasi pa boma la Mangochi. Kuchokera pamenepo kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190. Msewu umatsata nyanja ya Malombe cha kumadzulo kwake, pakati pa milambe ndi migwalangwa, kudutsa pa Ulongwe, ndipo pa Liwonde umawolokanso Shire kachiwiri. M'minda ina ya m'mbali mwa msewu thonje linali litayamba kuyera. Mayi wamkulu pagulu lathu, amene tonse timangowatcha anganga, adaloza pawindo nati, "Taonani ana inu, thonje tikulisiya kwathu konkuno, koma nsalu yake tikukaifuna kutali." Tonse tidaseka, komabe mawuwo adali oona.

Kale nsalu sinkachokera kum'mwera monga lero. Inkabwera kuchokera kum'mawa, pamitu ya amtengatenga, ulendo wa miyezi kuchokera ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Isanachuluke, makolo athu ankavala nyanda ndi zikopa, ndipo a m'chigwa cha Shire ankaomba okha nsalu yochindikala ya thonje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 zombo za ku Salem, m'dziko la America, zinkatsitsa pa Zanzibar nsalu yoyera yolimba yomwe Aswahili adaitcha merikani, pomwe kuchokera ku India kunkabwera kaniki, nsalu yakuda ija. Pamene Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndiponso m'masiku a mafumu monga Makanjira ndi Mponda, nsalu ndiyo inali ndalama. Ankagulira minyanga ya njovu, ankalipira nayo antchito, ndipo chomvetsa chisoni kuchikumbukira n'chakuti ankagulira ngakhale anthu. Motero chizolowezi choona nsalu ngati chuma chosunga si cha dzulo ayi kuno kunyanja. Tidachilandira kwa makolo, ndipo n'koyenera kuti tichiyendetse mwanzeru.

Titachoka pa Liwonde msewu udayamba kukwera mapiri a Machinga. Tidadutsa Malosa ndi Domasi, kenaka Zomba, womwe udali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndiyeno Thondwe, Namadzi ndi Njuli. Pofika apa aliyense adali atadzikulunga chitenje chachiwiri, pakuti ife a kunyanja mphepo ya kumtunda imatilowa msanga m'mafupa.

Tauni ya njanji ndi masitolo

Limbe adakula chifukwa cha njanji. Sitima yapamtunda idafika ku Blantyre mu 1908, Limbe adakhazikitsidwa ngati tauni mu 1909, ndipo mu 1956 matauni awiriwa adawaphatikiza. Amalonda ambiri a nsalu kumeneko ndi abale athu achimwenye, omwe makolo awo ambiri adachokera ku Gujarat m'dziko la India. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera a kumidzi ndi kukakhala m'matauni akuluakulu okha. Ndicho chifukwa chake agogo athu amakumbukira sitolo ya nsalu pafupi ndi mudzi, pomwe ife tidakula tikumva kuti nsalu yeniyeni ili ku Limbe. Fakitale ya David Whitehead & Sons, yomwe idayamba kuomba nsalu ku Blantyre chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, idaveka Amalawi ambiri zitenje za thonje la kwathu, ndipo mu 2003 idagulitsidwa kwa a Mapeto. Masiku ano nsalu yambiri m'masitolomo imachokera kunja, makamaka ku China, ku India ndi ku Tanzania.

Tinene pano kuti si aliyense ayenera kupita ku Limbe. Msika wa pa Mangochi, wa ku Salima ndi wa ku Nkhotakota uli ndi zitenje zabwino, ndipo wofuna chitenje chimodzi kapena ziwiri angotayira ndalama zake m'minibasi. Ulendo wotere umapindula pokhapokha anthu angapo aphatikiza zofuna zawo ndi kukagula mopikula, mpukutu wathunthu kapena theka lake.

Titatsika pa depoti tidalowa m'chipiringu cha anthu, mawilibala ndi magalimoto otsitsa katundu. Masitolo a nsalu andandalikana khomo ndi khomo. Zitenje zazendewera kuchokera kudenga mpaka pansi, zofiira, zobiriwira, zachikasu, zamaluwa, zamizeremizere, kotero kuti munthu wongofika kumene mutu umazungulira. Pakhonde pali atelala ndi makina awo opalasa ndi mapazi, ndipo kutsogolo kwawo anyamata akuitanira kaunjika. Apa anganga adatiimika nakhazikitsa lamulo. Ndalama za gulu zikhale ndi munthu mmodzi, ndipo mpaka nthawi ya Zuhuri wina asatulutse ngakhale tambala. M'mawa wonse ukhale wa maso, zala ndi mafunso basi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero. Tidalowa m'masitolo asanu, tikulemba m'kope mtundu wa nsalu, mulifupi mwake ndi mtengo wake, ndipo tidapeza kuti nsalu imodzimodziyo ikhoza kusiyana mtengo pakati pa masitolo awiri oyandikana.

Nsalu imayesedwa ndi zala

M'sitolo ina mnyamata wogulitsa adatambasula chitenje chonyezimira nati, "Mayi, iyi ndi wakisi weniweni." Anganga sadayankhe msanga. Adachitembenuza, nachiyang'ana kuseri, kenaka adafunsa mofatsa, "Mwananga, nanga kuseri kuno kwayereranji chonchi?" Mnyamatayo adangomwetulira ndi kutsitsa china.

Chinsinsi chake n'chakuti pa wakisi weniweni utoto umalowerera nsalu yonse, motero mbali zonse ziwiri zimawala mofanana. Nsalu yongodinda pamwamba imawala mbali imodzi, kuseri kwake n'kotuwa. Luso la wakisi lidachokera ku nsalu ya batik ya pa chilumba cha Java, ku Indonesia, komwe amapaka phula pansalu kuti utoto usalowe paliponse. Azungu a ku Holland adaliphunzira ndi kuyamba kulichita ndi makina, ndipo kampani yawo yotchuka ya Vlisco, ya mu mzinda wa Helmond, idayamba mu 1846. Dzina lakuti java, lomwe amayi amatchulira zitenje zina, lidachokera komweko. Sitikunena kuti nsalu yodinda mbali imodzi ndi yoipa. Pa chofunda cha zigamba imagwira ntchito bwino lomwe, pakuti kuseri kwake kumabisika m'kati. Chofunika ndi chakuti mulipire mtengo wa chomwe mwagula, osati wa dzina lomwe wogulitsa wachipatsa.

Chachiwiri chomwe amayiwa ankayesa ndi sitachi. Nsalu yopyapyala amaiumitsa ndi sitachi kuti ioneke yochindikala, koma ikangochapidwa kamodzi imasanduka ngati ukonde wa usipa. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tikitani kangodya kake pakati pa zala, kenaka kayang'aneni kowala. Ngati katuluka fumbi loyera ndipo kuwala kukudutsa mosavuta, dziwani kuti mukugula sitachi.

Chachitatu ndi kusiyanitsa thonje ndi poliyesitala. Thonje mukalifinya m'dzanja limasunga makwinya, pomwe poliyesitala imabwerera msanga ndipo imaterera. Wofuna kutsimikiza apemphe kachidutswa, akayatse ulusi wake umodzi kunyumba. Wa thonje umapsa ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa, koma wa poliyesitala umasungunuka ndi kusiya kambulu kolimba. Nkhani imeneyi si ya kukongola kokha. Ana ndi nkhalamba zomwe tikuzisokera zofundazi nthawi yozizira zimagona pafupi ndi moto kapena koloboyi, ndipo nsalu yosungunuka ikagwira moto imamatirira pakhungu. Pa chifukwa chimenechi gulu lidagwirizana kuti pansi pa chofunda chilichonse pakhale thonje lokhalokha.

Yadi si mita

Chinthu china chomwe chimasokoneza ogula ndi muyeso. Masitolo ena amadula pa mita, koma nsalu zambiri zochokera kunja zimabwera zodulidwa kale pa mayadi 6. Yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi pang'ono, kotero mayadi 6 ndi mamita pafupifupi 5 ndi theka. Mayi yemwe akuganiza kuti adulapo zitenje zitatu za mamita awiriawiri adzapeza kuti chilichonse chapereweza masentimita 17, ndipo kwa munthu wathupi kusiyanako kumaoneka pomanga m'chiuno. Funsani nthawi zonse kuti, "Kodi mukuyesa pa yadi kapena pa mita?" ndipo muyang'anitsitse pamene akuyesa. Si mwano ayi. Wamalonda wachilungamo sakwiya ndi wogula wotsegula maso.

Masamu a chofunda tidawachita tisananyamuke kumudzi, ndipo tikuwalemba pano kuti athandize ena. Chofunda cha munthu mmodzi chikhale masentimita 150 mulifupi ndi 200 mulitali. Mukafuna tizigamba ta masentimita 10 mbali zonse, mufunika mizere 20 ya tizigamba 15, ndiye kuti tonse pamodzi 300. Podula, kachigamba kalikonse kakhale masentimita 12, kuti sentimita imodzi mbali iliyonse ilowe mu msoko. Chitenje cha mamita awiri, chomwe mulifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 110, chimatulutsa tizigamba 144. Choncho pamwamba pa chofunda chimodzi pamadya zitenje ziwiri ndi kachidutswa. Pansi pake, popeza mulifupi mwa nsalu simukwana 150, mumalumikiza zidutswa ziwiri za mamita awiriawiri, ndiye kuti mamita 4.

Kwa ife a zofunda 12, masamuwa adatipatsa mamita 48 a pansi ndi tizigamba 3,600 ta pamwamba, tomwe tikadati tigule zatsopano zikadakhala zitenje 25. Ndalama yotero tidalibe. Koma sabata yapitayo amayi adali atatsegula mabokosi awo pakhonde la madrasa, ndipo zomwe zidatulukamo zidakwana tizigamba topitirira theka. Zina zidali zitagona m'menemo zaka zambiri, eni ake ataziiwala. Motero pa pepala lathu padalembedwa zinthu zochepa: nsalu ya thonje ya pansi, nsalu ya mtundu umodzi ya m'mphepete, ulusi, singano, zidutswa za kwa telala ndi bafuta.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Titaswali Zuhuri ndi kudya, tidabwerera ku sitolo yomwe idatikhutiritsa ndi kugula za gulu monga mwa pepala. Apa mpamene padabuka yeso lina, pakuti mayi aliyense adali ndi kandalama kakekake kumpango. Wamng'ono pa onse, yemwe adakwatiwa chaka chatha, adaima pa chitenje chofiirira cha maluwa agolide osafuna kusuntha. "Achemwali, taonani ichi, ndingachisiye ine?" adatero kwa mnzake. Mnzakeyo adamkumbutsa kuti m'sutikesi mwake muli kale ziwiri zosavala. Anganga sadamkalipire. Adangomfunsa mafunso atatu: "Usokera chiyani? Avale ndani? Liti?" Mtsikanayo adaganiza kwa kanthawi, kenaka adaseka yekha. Pamapeto pake adagula mamita awiri a nsalu ya mtundu umodzi yogwirizana ndi chimodzi cha zitenje zomwe ali nazo kale, kuti chituluke m'sutikesi ndi kukhala chovala cha pa Idi. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Abambo ena powerenga izi anena kuti, "Eya, tidanena kale kuti amayiwa amangowononga ndalama." Pepani bambo, nkhani siili choncho. Kusunga nsalu kuli ndi nzeru yake. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Popeza nsalu yambiri ndi yochokera kunja, mitengo yake idakwera nthawi yomweyo, ndipo mayi yemwe adali atagula pang'onopang'ono nthawi ya mpunga kapena ya usipa wambiri adaveka ana ake osakongola kwa munthu. Mlendo akabwera ndi khanda, mwana wa m'bale akamakwatiwa, mnansi nyumba yake ikapsa, bokosi ndilo limachotsa banja manyazi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Komanso nsalu si mbuzi, siswana m'bokosi. Imasuluka m'mopinda, njenjete ndi mphemvu zimaiboola, ndipo maluwa omwe ali m'fasho chaka chino pakatha zaka zitatu atsikana amawaseka. Mwana akadwala usiku, chitenje chomwe mudagula modula mudzachigulitsa motchipa, mwinanso osapeza wogula. Choipa koposa ndi kugula nsalu yosunga pa ngongole, kapena kugula chifukwa choti mnzanu wa pa chikwati adavala yotero. Kusiyana kwa nkhokwe ndi mulu wa zinthu n'kwakuti za m'nkhokwe mwini wake amadziwa tsiku lomwe adzazidye. Nsalu iliyonse yolowa m'bokosi ilowe ndi ntchito yake.

Pa kanga tiwonjezepo mawu amodzi. Kanga imagulitsidwa ziwiriziwiri, ndipo m'munsi mwake mumakhala mawu a Chiswahili. Musagule musanafunse tanthauzo lake, pakuti ena ndi a madalitso koma ena ndi okuluwika onyoza mnansi kapena mkazi mnzako, ndipo safunsa adadya phula. Chosangalatsa n'chakuti kanga yomweyo idayamba ngati ntchito yolumikiza. Amayi a ku Zanzibar ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1800 ankagula timipango tating'ono totchedwa leso ndi kutisoka 6 pamodzi kuti tikhale nsalu imodzi yovala, ndipo amalonda ataona zimenezo adayamba kuitanitsa yodinda kale yathunthu.

Pakhonde la telala

Tizigamba totsala tidatipeza pakhonde, osati m'sitolo. Telala aliyense amakhala ndi thumba kunsi kwa makina momwe amaponyamo zodulira. Ena amagulitsa pa jumbo, ena mukawalongosolera bwino ntchito yake amangokupatsani. Bambo wina wachikulire, tepi ili m'khosi, atamva kuti ndi za ana amasiye adakhuthula thumba lonse nati, "Tengani amayi, mwandichepetsera zinyalala." Adatilangizanso kuti nthawi yabwino yofunira zidutswa ndi sabata yotsatira Idi, chifukwa masiku otsiriza a Ramadhani atelala amasoka usana ndi usiku ndipo matumba amasefukira. Nthawi yomweyo ya chipiringu ndi yoipa kugula nsalu yatsopano, pakuti wogula mothamanga sayesa ndipo satsitsa mtengo. Langizo limeneli ligwira ntchito kwa telala wa pa msika wa kwanu komweko, popanda kukwera galimoto.

Zidutswazo tidazisankhula pomwepo. Za thonje pazokha, zoterera pazokha, zochindikala ngati za yunifolomu pazokha, chifukwa kachigamba kolemera kakalumikizidwa ndi kopyapyala kamakang'amba pa msoko. Zochepera chikhatho zidzalowa m'mapilo. Za nkhope za anthu ndi za zipani zidzalowa pakati pomwe sizioneka, kuti chofunda cha mwana wamasiye chisakhale ndi mbali. Zomwe zili ndi dzina la Allah kapena mawu opatulika tidaziika padera, pakuti chofunda chimayalidwa pansi ndi kupondedwa.

Tisaganize kuti ntchito ya zigamba ndi chizindikiro cha umphawi wa kwathu kuno kokha. Ku Sindh, m'dziko la Pakistan, amayi amasoka zofunda zotchedwa ralli kuchokera ku nsalu zakale, ndipo mtsikana amapita nazo ku banja monga chuma chake. Ku Karnataka, m'dziko la India, kuli anthu otchedwa Siddi, zidzukulu za anthu a kuno ku Africa omwe ambiri adatengedwa ukapolo kudzera m'madoko a kum'mawa, kuphatikizapo a ku Mozambique. Amayi awo amasonkhanitsa zidutswa za zovala za banja lonse kwa miyezi, ndi kusoka zofunda zotchedwa kawandi, kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Lero zofunda zimenezo zimaonetsedwa m'mayiko akutali ngati ntchito ya luso.

Nsalu yotsiriza

Chomwe tidagula pomaliza ndi bafuta. Pamene mnyamata ankatambasula mpukutu woyerawo pa tebulo, nthabwala zonse za tsikulo zidatha zokha. Tonse tikudziwa kuti maliro athu sagonera masiku, ndipo imfa siyang'ana ngati sitolo ndi yotsegula kapena ngati m'nyumba muli ndalama. Mwamuna amavekedwa sanda ya zidutswa zitatu, mkazi ya zidutswa zisanu. Taonapo mabanja akuthamanga m'mawa kukagogoda kwa wamalonda ndi kulandira mtengo uliwonse womwe watchula, nthawi yomwe akadayenera kukhala pafupi ndi malemu awo. Chifukwa cha ichi amayi a kwathu omwe amasambitsa maliro amasunga bafuta wa mudzi wonse. Banja logwiritsa ntchito limabweza likapeza, ndipo losowa silifunsidwa kanthu. Sanda sifuna nsalu yodula, ingokhala yoyera, yaukhondo ndi yosaonekera m'kati. Za muyeso wake funsani ashehe a kwanu kapena osambitsa maliro a pa mzikiti wanu. Mwa nsalu zonse zomwe munthu angasunge, iyi yokha ndiyo yosakayikitsa kuti idzagwira ntchito.

Tidanyamuka ku Limbe dzuwa litapendeka, mitolo ili pamiyendo, ndipo tidafika kwathu usiku ndithu. M'kope mudatsala ndalama yokwanira kugula mabulangeti angapo a pa kaunjika oika pakati.

Kusamala zomwe mwasunga

Ntchito ya tsiku lotsatira inali kuchapa. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ina imachucha utoto, motero yosoka isanachapidwe imakoka misoko ndi kudetsa zinzake. Chapani zakuda ndi zofiira pazokha, zowala pazokha, ndipo muyanike pamthunzi, chifukwa dzuwa la kunyanja limasulutsa utoto msanga. Yokayikitsa itikiteni ndi kansalu koyera konyowa. Kakasintha mtundu, ichapeninso mpaka madzi ayere.

Posunga, kumbukirani kuti kwathu kuno n'kwa chinyezi nthawi ya dzinja. Nsalu ilowe m'bokosi itauma bwinobwino, ndipo isatsekeredwe m'pulasitiki ili ndi kachinyontho, kuopa nkhungu. M'bokosi lachitsulo yalani chitenje chakale pansi ndi m'mbali kuti dzimbiri lisadetse zatsopano, ndipo bokosilo likhale pa njerwa kapena pa thabwa chifukwa cha chiswe. Litseguleni kawiri pa chaka, mvula ikatha ndiponso isanayambe, muzitulutse zonse zipitidwe mphepo, ndi kuzipinda mwa njira ina kuti zisathetheke m'mizere yakale. Kuseri kwa chivundikiro matanipo kapepala kolemba zomwe zilimo ndi ntchito ya chilichonse. Mwana wa sukulu akhoza kuthandiza amayi ake kulemba, ndipo kapepala komweko ndiko muzikaona musanapite ku msika.

Pamene tikulemba zino zofunda 9 zatha ndipo zitatu zili pamphasa, amayi akuzisoka mizere yotsiriza. Mwera wayamba kale kuomba madzulo, ndipo asodzi ayamba kukokera mabwato kumtunda. Pempho lathu kwa inu amayi ndi abambo owerenga ndi lakuti sabata ino mutsegule bokosi la m'nyumba mwanu ndi kugawa zomwe zilimo milu itatu: zovala chaka chino, zosungira tsiku lodziwika, ndi zomwe zatha zaka ziwiri popanda wozigwira. Mulu wachitatuwo uli ndi eni ake, ndipo sali kutali. Ena ndi ana omwe amabwera ku madrasa m'mawa manja ali m'khwapa, ena ndi agogo a kuseri kwa nyumba yanu omwe amafunda thumba. Ngati simudziwa kusoka, perekani kwa odziwa, ndipo ngati kwanu kulibe gulu lotere, anthu atatu ndi singano zitatu akwanira kuliyamba. Allah adalitse manja opereka ndi manja osoka.